Pulogalamu Yakale ya Bambo a Mwana

Kafani ka laputopu kanayamba kulira fuu, chonsecho bambo a mwana anali kubafa. Mayi wa khanda anasiya kuyamwitsa. Kamuvi kankayenda kokha pa sikirini, kakutsegula zithunzi za mwana wake chimodzichimodzi, ndipo kanyali ka kamera kanali koyaka.

Amuna akewo ntchito yawo ndi yoika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu, pakhonde la sitolo ya utoto. Ndi munthu wofatsa, samwa, koma pa kompyuta salangizika. Filimu iliyonse imene munthu wawatumizira amayamba aitsegula kuti aone ngati ikusewera, ndipo amatsegulira pulogalamu yomweyo imene anayamba nayo ntchito ali mbeta. Ikapempha kuti aikemo yatsopano amakana, ati yatsopanoyo inasuntha mabatani, imawachititsa manyazi pamaso pa makasitomala.

Mayiyo atawauza zimene anaona, bamboyo anaseka, amvekere uchembere wamulanda tulo mpaka akuona zideruderu. Linali Lamlungu. Iwo atangopita kukaonera mpira, mayiyo anabereka mwana, laputopu m'chikwama, ulendo kwa mlamu wake wokonza mafoni.

Mlamuyo anafotokoza kuti pulogalamu yakaleyo imasungira dzina la filimu kamalo kochepa, ndipo siyeza chimene ikulandira. Wakuba amapanga dala filimu ya dzina lalitali. Munthu akaitsegula, zilembo zosefukira zimagwera pamene kompyuta imatenga malamulo, basi n'kuyamba kumvera munthu amene ali kutali. Eni pulogalamu anatseka kale mpatawo m'yatsopano ija imene achimwene ake amaikana.

"Ndiye wationa, alamu? Ine ndi mwanayu?"

"Sindikunamizani, alamu. N'kutheka."

Madzulo bambo a mwana anakwiya kuti chida chawo chatuluka m'nyumba iwo osadziwa. Anati amphawi ngati iwo angawasuzumire ndani, kuti aone chiyani, matewera? Anamata kapepala pa kamera n'kunena kuti nkhani yatha.

Mayiyo anati, "Mwatseka diso la wakubayo, nanga manja ake? Zithunzi za mwanayu mukudziwa kumene zapita? Mafoni a anthu amene mumalumikiza pamenepo bwanji?"

Bamboyo anayamba kuseweretsa chaja. Kenako anati chabwino, apita nayo kwa mng'ono wawoyo akafufute zonse n'kuikamo yatsopano. Koma osati mawa. Ndi kumapeto kwa mwezi, makasitomala achuluka. Apita sabata ikatha.