Mizere Yotsiriza ya Tsabola

Mphepo ya kumadzulo ikayamba, mvula kuno ku chilumba cha Bangka siipumitsa munthu. Nyanja imalusa, mabwato amakokeredwa kumtunda, ndipo aliyense wokumba chitsulo cha tini amayamba wapopa madzi m'dzenje asanaukhudze mchenga wakuda umene mumapezeka tiniyo. Makoma a dzenje amafewa ngati phala. Munthu amakumba diso lili m'mwamba.

Bahtiar, mnansi wanga, wakalambira m'maenje amenewa. Bambo ake anamusiyira munda wa tsabola woyera, uja woyanga pa milongoti, wochokera kumsewu mpaka kumtsinje. Chaka china tsabola anagwa mtengo, tini n'kukwera, iye nazula mbali ya kumtsinje, nayamba kukumba. Ankati ndi zanyengo imodzi. Tini atagwa anafuna kubwerera ku tsabola, koma pamene panali munda panali dziwe lobiriwira, lopanda nsomba ngakhale chule. Anadikira. Mtengo wa tini unakweranso, nazula mbali ina. Zakhala choncho kuyambira tsitsi lake lili lakuda. Mtengo umapita n'kubwera, nthaka yokumbidwa siibwera, ndipo tini akuthawira pansi chaka ndi chaka.

Kunatsala mizere ya tsabola ya kuseri kwa nyumba, imene mkazi wake Norsiah anabzala ali mtsikana.

Mvula ya chaka chino itakhazikika, kunabwera Jumadi, mchimwene wa Norsiah, mwini pampu. Ine ndinali pakhonde pomwepo, tikumwa khofi.

"Alamu, tini wakwera, simunamve? Mwakhalira chuma inu, mukulondera timasamba ngati mbuzi."

"Akwere," anatero Bahtiar. "Atsika mvula isanathe."

"Ndiye tikumbiretu!"

Norsiah anatulutsa mutu pazenera. "Achimwene, khofi mwamwa, njira mukuidziwa. Mizere imeneyo ikapita tidzadya mchenga?"

"Ukali wa chiyani, mlongo? Nanga tsabola wako wa chaka chatha anagula ndani?"

Kuti tsabola ayere, timamuviika ndi matumba m'madzi oyenda mpaka khungu lake livunde, kenako timapondaponda n'kutsuka. Koma mtsinje wathu tsopano umayenda ndi matope a m'maenje, ena mwa iwo a Bahtiar yemwe. Tsabola wa Norsiah anatuluka wotuwa, akununkha dothi. Wogula ananunkhiza wodzaza dzanja limodzi, namanganso thumbalo.

Norsiah anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Ngati mukuzula, bambo, zulani nokha," anatero. "Awa asakhudze. Ndipo milongoti musathyole, ndi mtengo wolimba umenewo."

Anatseka zenera.

M'mawa mwake kunali kamvula kowaza. Bahtiar anamasula tsabola pa mlongoti woyamba, mfundo ndi mfundo, namugoneka pansi zipatso zikadali zaziwisi. Anaugwedeza mlongotiwo mpaka dothi linaulola. Anatero mzere wonse, kenako mzere wina. Pofika masana anali atazula yonse. Milongotiyo anaitsuka matope, naisenza umodzi umodzi, naisanja bwinobwino kunsi kwa nyumba yake yoima pa nsanamira, posafika mvula.