Zaka Zimene Ndinadula pa Chitupa

Ndinagwira ntchito ya ulonda zaka zisanu ndi zinayi. Sindinagonepo pa geti. Sindinabepo ngakhale msomali. Bodza ndinanena limodzi lokha, tsiku lolowa ntchito.

Fakitale ya fodya ku Kanengo itatichotsa, ndinali ndi zaka 52. Kampani ya alonda inkalemba anthu osapitirira 40. Ndinadula zaka khumi ndi ziwiri monga telala amadulira buluku lalitali, ndipo ntchito inandikwana. Zitupa za unzika zitabwera ndinatchula chaka chobadwa chabodza chomwecho, kuopa kuti mapepala angakangane. Choncho pa nthawi imene ndikunenayi, pa pepala ndinali ndi zaka 49, koma m'mawondo 61. Kampaniyo inkapumitsa munthu akafika 60. Ntchitoyo ndi imene inkatidyetsa ine ndi mayi a kunyumba ku Chinsapo. Ina panalibe.

Chaka chimenecho mabwana analemba sajeni wina wopuma ku usilikali kuti atiyese mphamvu. Akuti makasitomala ankadandaula kuti ena mwa ife sitingapirikitse ngakhale nkhuku. Sajeniyo anali wamfupi, wouma ngati mtengo wa mpasa wosema. Anatisonkhanitsa pa ofesi n'kumata pepala lalikulu pakhoma. Anati mayeso ake ndi a ku usilikali, iye wangowafewetsa poti ndife anthu wamba.

Mayeso anali atatu. Mapushapu kwa mphindi ziwiri. Masitapu kwa mphindi ziwiri, aja ogona chagada n'kumadzuka mnzako atakugwira mapazi. Kenako kuzungulira bwalo kasanu ndi kamodzi. Mayeso aliwonse malikisi ake 100, ndipo wokhoza afike 180 onse pamodzi. Wolephera abwereze pakatha mwezi. Akalepheranso, abweze yunifomu.

Zimenezo sizinandiopse. Chinandiopsa ndi mizere ya pa pepalalo, chifukwa malikisi ankatsata zaka za munthu. Mu mzere wa 40 mpaka 49, pushapu imodzi inali malikisi awiri, sitapu chimodzimodzi. Mu mzere wa 50 kupita mtsogolo, pushapu yomweyo inali malikisi anayi. Pothamanga, ife a mu mzere wa 49 tinkayenera kumaliza m'mphindi 12 kuti tipeze 100, ndipo mphindi iliyonse yoonjezera inkadya malikisi khumi. Achikulire aja anawapatsa mphindi 16.

Ndinaima pamenepo n'kuwerenga kawiri. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma masamu a chonchi ndimawamva. Ndikanena zoona, mayeso ndikhoza koma ntchito yatha. Ndikasunga bodza, ndipikisane ndi anthu amene ankayamwa ine ndikulima kale.

Pambali panga panali mnzanga amene tinkasinthana pa geti ya nyumba ina ku Area 47, bambo wa ku Rumphi, wamimba yaikulu. Iye zake zinali zotembenuka. Ali mnyamata anaonjezera zaka kuti amulembe ntchito ku esiteti, ndiye pa pepala anali ndi 52 pamene zenizeni zinali 46. Anandiuza yekha, poti ndi munthu wosasunga kanthu m'kamwa kupatula chakudya. Zanga sindinamuuze.

"Adada, mwaona?" anatero akusisita mimba. "Ife okalamba atikumbukira. Inu anyamata limbikirani."

Ndinatembenuka n'kuuyamba wa kunyumba.

Kunyumba ndinawafotokozera mayi. Iwo okha ndi amene ankadziwa zaka zanga. Anaseka mpaka anakhala pansi pa khonde.

"Si mumati ndinu mnyamata? Gonani pansipo tione."

Sajeni anali atanena kuti pushapu imawerengedwa pokhapokha chifuwa chikagunda chibakera cha mnzako chimene waika pansi, msana uli wowongoka. Ikapanda kugunda, wowerenga amabwereza nambala yomweyo. Mayi anakana kuika dzanja lawo pa dothi. Anaikapo mbatata. M'mawa uliwonse kwa masabata atatu ndinkagona kuseri kwa nyumba, iwo atakhala pa mpando, akuwerenga.

"Wanu. Wanu. Wanu."

"Amayi, zakwana zitatu."

"Mbatata simunaigunde, abambo. Mukungoinunkhiza. Wanu."

Mkazi ameneyu akanakhala msilikali, dziko lino bwenzi kulibe asilikali ena.

Tsiku la mayeso lisanafike anandiyang'ana m'mutu nati imvi zindiulula. Nthawi zonse ndinkameta mpala, koma sabata imeneyo wometa wathu anali ku maliro. Mayi anatenga polishi wakuda wa nsapato zanga za ntchito n'kundipaka ndi kansalu. Ndinadziyang'ana pa galasi. Ndinaoneka bwino, sindinama.

Mayeso anachitikira pa bwalo la mpira ku Biwi, Loweruka m'mawa, dzuwa la Okutobala litatuluka kale ndi ukali wake. Kunabweranso mayi wina wa ku ofesi yolemba antchito, atanyamula faelo ya maina ndi zaka zathu. Sajeni anatiika awiriawiri kuti tiziwerengerana. Ine anandipatsa wa ku Rumphi uja.

Anayamba iye. Ndinaika chibakera pansi. Munthuyo atangogwada n'kutambasula miyendo, mimba inali itafika kale pa dzanja langa. Ankangopinda zigongono pang'ono, mimba n'kundiphimba chibakera chonse ngati thumba la ufa. Ndinaitana sajeni.

"Bwana, ichi ndi chifuwa?"

Sajeni anawerama, nayang'ana mbali iyi ndi iyo, nakanda m'mutu.

"Madala, pa thupi ili sindikuona pamene chifuwa chathera. Werengani."

Ndinawerenga 20. Malikisi 80, munthu asanatuluke ndi thukuta lomwe.

Itafika nthawi yanga, ndinaona kuti kuonda n'kokwera mtengo. Kuchoka pa chifuwa changa kukafika pa chibakera chake unali ulendo. Khumi zoyamba zinayenda. Kenako mphamvu zinayamba kutha, ndipo sajeni anabwera kudzaima pamutu panga.

"Iyo ayi. Matako pansi, madala, simukupempha mvula. Iyonso ayi."

Mnzanga ankabwereza: "Fiftini. Fiftini. Pepani adada, fiftini."

Thukuta linayamba kutsika, ndipo linali lakuda. Linadontha pa mphuno n'kugwera pa dzanja la mnzangayo, dontho ndi dontho.

"Sajeni!" anakuwa. "Adada akutha oilo!"

Anyamata onse anasiya zawo n'kubwera kudzaona. Ine sindinadzutse mutu. Wezulo italira, ndinali nditatsika ndi kukwera ka 30 mwa kuwerenga kwanga, koma zolembedwa zinali 22. Malikisi 44.

Pa masitapu Mulungu anabweza chilungamo pang'ono. Mimba imene inamuthandiza mnzanga ija tsopano inakhala pakati ngati mlamu wosachoka. Ankadzuka theka, n'kubwerera, akulira ngati chitseko. Anapeza 11, malikisi 44. Ine ndinapeza 31, malikisi 62, ngakhale pa udzu pamene ndinkagonetsa mutu panatsala chizindikiro chakuda.

Ndinaphatikiza m'mutu. Ndinali ndi 106. Pankafunika 74. Ndiye kuti bwalo ndilimalize mphindi 14 ndi theka zisanakwane. Miyendo ndinkaikhulupirira. Zaka zisanu ndi zinayi ndinkayenda wapansi kuchoka ku Chinsapo kupita ku Area 47 ndi kubwerera, osakwera kabaza.

Poti othamanga tinali ambiri, sajeni analamula kuti wowerenga aliyense atole timiyala tisanu ndi kamodzi, azitaya kamodzi mnzake akamaliza kuzungulira. Achikulire a pa pepala anathamanga poyamba. Ndinamuwerengera mnzanga ndi timiyala monga mwa lamulo. Anamaliza m'mphindi 20, kwinaku akuyenda, kwinaku akupereka moni kwa amayi ogulitsa mandasi. Malikisi 60.

Pofika gulu langa, iye anati sangawerame kutola miyala, msana wamupweteka. Anatulutsa mtedza wokazinga m'thumba, nawerenga njere zisanu ndi imodzi m'dzanja.

"Mukadutsa, ndidya imodzi. Zikatha, mwamaliza."

"Tolani miyala, achimwene."

"Mwala ndi mtedza n'chimodzimodzi, adada, kusiyana kwake n'kwakuti wina umadyedwa."

Wezulo inalira ndisanamukalipire. Ndinavula majombo a kampani n'kuthamanga ndi mapazi. Anyamata a nsapato zoyera anauluka ngati awaona apolisi. Ndinawasiya. Pozungulira kachitatu ena anali atagwira m'nthiti, ndipo ndinawadutsa osawayang'ana. Kachinayi mawondo anayamba kunena zaka zawo zenizeni. Kachisanu m'maso munali polishi, ndinkaona bwalo ngati kuli utsi.

Nditafika pa mzere kachisanu, mnzanga anadumpha manja ali m'mwamba.

"Wamaliza! Sajeni, wanga wamaliza!"

Sajeni anayang'ana wotchi. "Thwelofu ndi hafu!" Mayi wa faelo anatsitsa cholembera kuti alembe. Amenewo anali malikisi 95. Ndikanaima pomwepo, nkhani ikanathera pamenepo, ndipo palibe akanadziwa.

Koma ine ndinkawerenga ndekha ndi zala. Kanali kachisanu. Munthuyo anali atatafuna njere ziwiri pakamodzi. Ndinapitirira.

Anandithamangira pambali, mimba ikugwedezeka, liwiro limene sanalionetse pa mayeso ake.

"Adada, imani! Mtedza watha!"

"Mtedza watha, bwalo silinathe."

"Mukudziphera ntchito!"

"Chokani, mukunditsekera mphepo."

Ena adzafunsa kuti munthu wodula zaka khumi ndi ziwiri angakanirenji kudula bwalo kamodzi. Sindikudziwa. Zaka ndinadula ndili ndi njala. Bwalo linali pamaso panga, ndipo ndinali ndisanalizungulire.

Ndinamaliza m'mphindi 15 ndendende. Malikisi 70. Sindinagwe. Ndinangokhala pansi mofulumira.

Titapuma, sajeni anatiimika pa mzere n'kuyamba kuwerenga zotsatira mokweza. Wa ku Rumphi, 184, wakhoza. Anyamata anamuombera m'manja, iye n'kuvina pang'ono. Kenako ine, 176, ndalephera ndi malikisi anayi.

Sajeni anandiyandikira n'kutsitsa mawu. "Musadandaule, madala. Mwezi wa mawa mudzabwereza. Muonjezere mapushapu awiri okha, basi mwadutsa."

Ankanena zoona. Mapushapu awiri ndikanawapeza. Ntchito inali idakali m'manja mwanga. Ndikanangoti zikomo bwana, n'kuvala majombo.

Koma mnzanga uja anabwera n'kundigwira paphewa pamaso pa gulu lonse.

"Osataya mtima, mwana wanga," anatero. "Uzibwera kwathu ndizikuphunzitsa. Ana a masiku ano mulibe mphamvu."

Anyamata anaseka mpaka ena anagwirana. Ndinachotsa dzanja lakelo paphewa panga. Ndinapukuta polishi kumaso ndi malaya.

"Sajeni, munthu wa zaka 61 akachita zimene ndachitazi, amapeza zingati?"

"Bwanji mukufunsa?"

"Werengani."

Anayang'ana pepala lake. Mapushapu 22, malikisi 88. Masitapu 31, anadutsa malire, 100. Kuthamanga, 100. Anawerenganso kachiwiri ndi chala.

"288. Pano palibe wafika pamenepo, ngakhale anyamatawa."

"Lembani zimenezo. Ndi zanga."

Mayi wa ku ofesi anatsegula faelo pang'onopang'ono.

"Abambo, apa palembedwa 49."

"Pamenepo ndinanama, mayi. Ndili ndi 61. Uyu wonditcha mwanayu ndikanatha kumunyamula kumsana akupita ku sikelo."

"Mukudziwa kuti kampani imapumitsa pa 60?"

"Ndikudziwa. Lembani 288."

Sajeni anaimirira mowongoka n'kundichitira sawasha. Ine ndinagwedeza mutu. Mnzanga anatsegula kukamwa, mtedza ukuonekera m'mano. Kenako anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kuti mayi wa faelo asamuyang'anitsitse.

Lolemba anandiitana ku ofesi. Bwana wamkulu anandikalipira za bodza kwa nthawi ndithu, ine nditaima. Atatopa anati nkhani saipititsa patali poti ndinalibe mlandu wina, koma ndimalize mwezi umenewo n'kupuma. Ndinavomera. Ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti sajeni andilembere malikisi anga pa pepala la kampani, adindepo chidindo. Anandilembera.

Mayi a kunyumba ndinali ndisanawauze zonse. Loweruka lija ndinangoti zotsatira zituluka. Tsopano ndinafika ndi pepalalo n'kuliika pa tebulo. Analiwerenga atalitalikitsa ndi maso.

"Ndiye mwakhoza?"

"Kuposa onse."

"Ntchito ilipo?"

"Mpaka pa 31."

Ndinawafotokozera za mtedza, za mapushapu awiri, ndi za mawu a wa ku Rumphi. Sanakuwe. Anapinda pepalalo bwinobwino n'kundibwezera.

"Chabwino, abambo. Poti mwapezeka kuti ndinu amphamvu kuposa kampani yonse, kuyambira pa 1 madzi a pa nyumba pano muzikatunga ndinu ku mpopi. Ine msana wanga ulibe chidindo."

Pa 1 ndinapita. Pa mzere panali amayi okhaokha, ndipo anandiyang'ana. Ndinatunga zigubu ziwiri zazikulu, n'kufika nazo kunyumba osatula panjira.