Nkhope ya Mkwatibwi Kuseri kwa Galasi

M'zaka zimenezo ndinkakhala ku Kawale, ndipo ntchito yanga inali yojambula zithunzi. Mafoni ojambula anali asanafike m'manja mwa aliyense, ndiye munthu akasoketsa suti kapena mwana akabatizidwa, uthenga unkabwera kwa ine. Ndinkayenda ndi kamera ya filimu m'khosi, ku Biwi, ku Chilinde mpaka ku Area 23, fumbi lofika m'mawondo. Filimu ikadzaza ndinkakwera minibasi kukatsukitsa m'tauni.

Chaka china ndinagula lenzi yaitali kwa munthu wogulitsa zinthu zakale kumsika. Inali yolemera ngati kamunsi, koma inkakoka munthu ali kutsidya kwa bwalo la mpira n'kumuika pamphuno pako. Pamodzi ndi lenziyo panali kagalasi kakuda kozungulira, komangira kutsogolo kwake. Ojambula timati fyuluta. Ntchito yake ndi kuchotsa kunyezimira: ukamakapotoza pang'onopang'ono, kuwala kwa dzuwa pawindo kumazimiririka, n'kuona zimene zili mkati. Tsiku loyamba ndinaima pasiteji n'kuloza minibasi ina. Galasi lake linali mbee ndi dzuwa, koma nditapotoza kagalasi kanga, dalaivala anatulukira akutokosa m'mano. Basi, kuyambira pamenepo ndinayamba kudzimva. Aliyense wondipatsa moni ndinkamuuza za fyuluta, afune asafune.

Koma lenziyo inali ndi khalidwe loipa. Mphete yosakira fokasi, imene imachititsa kuti munthu aoneke bwino osati chimbuuzi, inali kutsogolo komweko kumene kunkakhala fyuluta, ndipo inali yogwedera. Ukapotoza fyuluta, fokasi inkasuntha. Ukakonza fokasi, fyuluta inkatembenuka. Komanso kagalasiko kankadetsa m'kamera, moti diso silinkazindikira msanga kuti zasokonekera. Zonsezi ndinkazidziwa. Mankhwala ake anali amodzi: kusaka fokasi, kugwira mphete ndi zala kuti isayende, kupotoza fyuluta, kenako kuyang'ananso nkhope ya munthu usanadine. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha sindinabadwe nako.

Kuseri kwa nyumba imene ndinkachita lendi kunkakhala banja lochokera ku Thyolo. Bambo anali kalipentala, munthu wosabweza mawu. Mayi ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pamsewu. Mwana wawo wamkazi woyamba anasiya sukulu ali kusekondale n'kutsatira mnyamata wina wa ku Chilinde. Bamboyo, amene anapala matabwa mpaka manja kuuma kuti mwanayo aphunzire, analumbira kuti alibenso mwana. Ankhoswe a kuchimuna atabwera ndi nkhani ya ukwati woyera, anawabweza ali pakhomo, n'kunena mokweza, ife oyandikana nawo tikumva, kuti wa m'nyumba mwake amene akaponde kutchalitchiko asadzabwererenso.

Ukwati utayandikira, mayiwo anandipeza pakhonde ndikupukuta lenzi. Anakhala pansi n'kuika mandasi okulunga m'pepala pambali panga.

"Achimwene, akuti makina anuwa amaona patali."

"Amaona, mayi. Ngakhale kuseri kwa galasi amaona."

"Mwana wanga akukwatiwa Loweruka. Ine sindipita, nkhani yake mukuidziwa. Ukwati ukatha akupita ku Mzuzu, kumene mwamunayo wapeza ntchito. Ndikufuna nkhope yake yokha, ali m'velo. Chithunzi chimodzi basi. Koma musakayandikire. Anthu akakuonani pafupi adziwa kuti wakutumani ndine, ndipo nkhani ifika kwa bambo ake."

Ndinawauza kuti asade nkhawa, imeneyo ndi ntchito yamasewera. Mpaka ndinawaonetsa fyuluta ija, ndikufotokoza za kuwala kwa dzuwa ngati mphunzitsi. Iwo ankangovomera mwaulemu, maso ali kumsewu kuopa kuti amuna awo angatulukire.

Loweruka linafika ndi dzuwa la mu Okutobala, loswa mutu. Ndinakaima pansi pa mtengo wa mango kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi tchalitchi. Filimu inali kumapeto, chifukwa m'mawa ndinali nditajambula a kwaya ina, koma ndinati pantchito ya chithunzi chimodzi ikwana. Wojambula amene analembedwa ntchito paukwatiwo anali mnzanga wina wa ku Biwi. Ndikuti mnzanga, koma tinkakhala ngati mphaka ndi galu. Anandiona ali pageti, n'kuwoloka msewu akuseka.

"Aise, wabwera ndi mfuti yako kudzasaka njiwa?"

"Iwe pita uzikajambula mphuno za anthu," ndinamuyankha. "Ine mkwatibwi ndimujambula ali m'galimoto, mawindo otseka, ndili pompano."

"Ukapezamo dzuwa lokhalokha, mphwanga."

Magazi anandiwira. Munthu wa kamera yonga bokosi la machesi n'kumandiphunzitsa ine ntchito? Ndinatulutsa fyuluta m'thumba n'kuimangira palenzi. Galimoto ya ukwati inali itaima pafupi ndi geti, yokongoletsedwa ndi maliboni, mawindo otseka kuopa fumbi. Ndinayamba kuyeserera pawindo lakumbuyo, kupotoza uku, kupotoza uko.

Kenako nthungululu zinamveka. Mkwatibwi anatuluka m'tchalitchi n'kuima pamasitepe, poyera, pomwe panalibe galasi lililonse. Anaimapo nthawi yaitali ndithu, anthu akuimba ndi kuvina. Palibe chimene chinanditchinga. Ndikanangotembenuza lenzi pang'ono, ntchito imene ananditumira ikanatha pomwepo. Koma ine lenzi ndinali nditaloza galimoto yopanda munthu, ndikudikira kuti ndimutseke pakamwa wa ku Biwi uja.

Mkwatibwi analowa kumbuyo, mbali yoyang'ana kwa ine, n'kutsekeredwa chitseko. Ndinasaka fokasi pawindo mwachangu. Galasi linali mbee. Ndinapotoza fyuluta, ndipo kuwala kuja kunasungunuka, velo yoyera n'kutulukira mkati. Mtima unadumpha ndi chimwemwe. Mphete ija sindinaigwire, nkhope sindinaiyang'anenso. Ndinangodina. Pofuna kudinanso, filimu inakana, yatha. Galimoto inanyamuka ikuliza hutala, ana akuithamangira m'fumbi.

Nditakatenga zithunzi m'tauni, ndinazitsegula ndili pakhonde la sitolo. Fyuluta inagwira ntchito yake, sindinganame. Windo linali ngati palibe. Koma fokasi inali itathawira mkati, mbali ina ya galimoto. Kumeneko chitseko chinali chotsegula, ndipo mayi wina wamkulu anali atawerama akukonza velo pamutu pa mkwatibwi. Ameneyo ndiye anatuluka ngwee: duku lake, makwinya a pachipumi, maluwa onse a pachitenje, mpaka zikhadabo. Anali amake a mkwati. Mkwatibwi, amene anali pafupi ndi windo, nkhope yake inali chimbuuzi, ngati nkhope ya munthu m'ndowa ya madzi ogwedezeka. Sukanadziwa kuti diso lili pati, pakamwa pali pati.

Ndinatukwana lenzi, ndinatukwana amene anandigulitsa, ndinatukwana ndi dzuwa lomwe. Ndili m'minibasi yobwerera ku Kawale, oti ndiwatukwane anandithera, n'kutsala ndekha. Manyazi anandigwira ngati malungo.

Masiku otsatira ndinkazemba. Pochoka pakhomo ndinkadzera njira ya kumpopi kuti ndisadutse pamene mayi aja ankagulitsira mandasi. Fungo la mafuta awo likafika pakhonde langa, ndinkalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Pomaliza ndinameza matama n'kupita ku Biwi kukapempha mnzanga uja kuti anditsukireko chithunzi chimodzi cha mkwatibwi. Ndinamuuza zonse. Anandiyang'ana, n'kunena kuti zithunzi zonse, ndi filimu yake yomwe, anapereka kwa eni ukwati, ndipo iwo anapita nazo ku Mzuzu. Sanandiseke n'komwe. Bola akanandiseka, ndikanapeza woyambana naye.

M'mawa wina, amuna awo atapita kuntchito, mayi aja anabwera okha. Anakhala pamalo pomwe paja.

"Achimwene, zatuluka?"

Ndinaganiza zonena kuti filimu inapsa. Ojambula ambiri tinkathawira pamenepo. Koma chithunzicho chinali m'thumba la malaya anga, ndipo dzanja linapita lokha. Anachilandira ndi manja awiri, atayamba apukuta mafuta pachitenje. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kuchiika pafupi, kuchiika patali, kuchipendeketsa kudzuwa, ngati kuti nkhopeyo ingabwerere.

"Awa ndi ndani?"

"Apongozi ake, mayi."

"Akumukonza velo."

"Eya."

"Manja awo akuoneka ofatsa," anatero. Anasisita ndi chala pamene panayenera kukhala nkhope ya mwana wawo. Ine ndinayamba kufotokoza za mphete yogwedera ndi kagalasi kodetsa, koma mawu anga ankandinyansa ndekha, ndipo ndinalekeza pakati.

"Musadandaule, makina ndi makina," anatero mayiwo. "Koma inu munalipo. Munamuona ndi maso anu m'makinamo, pafupi. Ndiuzeni inuyo. Ankaseka kapena ankalira?"

Ndinafufuza m'mutu monse. Ndinakumbukira maliboni, ndinakumbukira kuwala kukusungunuka pawindo, ndinakumbukira kuseka kwa mnzanga wa ku Biwi. Nkhope ya mwana wawo munalibe. Ndikanatha kunena kuti ankaseka, iwo akanapita nalo bodzalo n'kumagona nalo bwino. Koma anali akundiyang'ana m'maso, ndipo lilime linakana kunama.

"Sindinaone, mayi. Ndinkayang'ana galasi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanandikalipire. Anakulunga chithunzicho m'kapulasitiki ka shuga, n'kuchilowetsa m'kati mwa bulauzi, pomwe amuna awo sakanachipeza. Poimirira anandisiyira mandasi ena pakhonde, n'kunena kuti, "Zikomo, achimwene. Velo ndiye ndaiona."