Impso yomwe inagona masiku khumi

Lachiwiri ndinapita ku Lufita kukagula mbande za tomato. Ndikutsika panjinga yamoto, ndinakumana ndi mayi Namusukwa, omwe timapemphera nawo limodzi. Amuna awo ali m'chipatala kunja kwa dziko lino, komwe awaika impso yopatsidwa ndi mlongo wawo.

"Monire asambizi," anatero m'chiyankhulo cha kwathu, kutanthauza aphunzitsi, maso ali psuu. "Lero tsiku lachinayi, impso ija sinayambe ntchito. Awabwezeranso pa makina otsuka magazi. Kumudzi akuti alamu anga anapereka ndi mitima iwiri."

Mawu amenewo anandibaya, chifukwa nanenso anandinenapo chimodzimodzi.

Owerenga akale a tsamba lino mukudziwa kuti ndimayenda ndi impso imodzi. Inayo ndinapatsa achimwene anga a Yotamu, omwe ankandibereka kumsana powoloka mitsinje ya ku Wenya tili ana. Opaleshoni itatha, tonse tinkangoyang'ana kathumba ka mkodzo kamene anakapachika pambali pa bedi lawo. Tsiku loyamba, gwaa. Lachitatu, timadontho. Kenaka anawatengeranso ku makina.

Nkhani itafika kumudzi, ankhazi athu, alongo awo a bambo, anaimba foni. "Iwe mwana, ngati sunafune ukananena. Chinthu chopereka monyinyirika sichigwira." Ndinalira ngati kamwana, bala langa lisanapole n'komwe. Choipa kwambiri, ndinayamba kuwakhulupirira, chifukwa mantha ndinali nawodi polowa m'chipinda cha opaleshoni.

Anandipulumutsa ndi dokotala wina wa imvi. Anati impso ikachotsedwa m'thupi imakhala kanthawi yopanda magazi, ndiye ina imafika kwa mwini watsopano ili ngati yakomoka. Wodwala akafunikanso makina m'sabata yoyamba, iwo amati impso yachedwa kudzuka, sanena kuti yafa. Anavomeranso kuti ngakhale madokotala amasiyana maganizo. Ena amawerengera makinawo, ena amayang'ana ngati zoipa za m'magazi zikutsika tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake anaijambula kuti aone ngati magazi akuyenda bwino, n'kutapako kanyama ndi singano kuti adziwe ngati thupi likuikana. Silinkaikana.

Ndiye taganizani. Anthu okhala ndi makina ndi masingano akudikira kaye asanagamule, koma ife a kumudzi, tili pa mtunda wa masiku, chigamulo tapereka kale! Tinazolowera zoipa. Mtengwa akachedwa kuima, tamupezera kale mlandu. Mwana akachedwa kuyankhula, tayamba kuloza zala kuchikazi. Chilichonse chikachedwa, timafuna munthu woti timupachike.

Chonsecho ndife alimi. Ndani mwa ife sanawokerepo mbande, n'kuziona zitafota masiku atatu ngati zatha? Alipo amene amazizula? Timathirira n'kudikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku la khumi ndi limodzi m'mawa, kathumba kaja kanadzaza. A Yotamu anandiitana akuseka: "Tabwera uone, mphwanga, impso yako ija ndi yaulesi ngati mwini wake!" Sindinaonepo chinthu chokongola ngati mkodzo umenewo, ndipo sindichita manyazi kulemba zimenezi.

Anakhala nayo zaka zisanu ndi zinayi. Analima mawere, anakwatitsa ana awiri, ndipo pa phwando lililonse ankandiseka za ulesi womwewo. Anatisiya chaka chatha, ndipo ndimawasowa kwambiri. Ankhazi aja mpaka lero sananenepo kuti pepani.

Mayi Namusukwa ndinawauza kuti sindine dokotala, sindingawalonjeze kuti yawo idzuka. Koma ndinawapempha nambala ya alamu awowo, ndipo madzulo ndinaimba. Mayi wopereka impsoyo anangolira, ine n'kumva ngati ndikudzimvera ndekha.

Mbande zanga zija ndawokera dzulo, ndipo lero zafota zonse. Ndikazule?