Foni Itayeza Mimba ya Amuna Anga

Amuna anga amayendetsa thirakitala ku esiteti ya tiyi, ndipo zaka zokhala pampando zinawapatsa mimba yoti mabatani a malaya ankachita kupempha chifundo. Ndikaitchula, ankaimenya ndi chikhatho.

"Iyi ndi minofu, mayi. Tamvani mmene ikulirira."

Loweruka lina anabwera kuchokera ku Boma akumwetulira okha. Mnzawo wa kuntchito anali atawaikira pulogalamu pafoni. Umajambulidwa kutsogolo ndi cham'mbali, kenako nzeru za makina zimayang'ana zithunzizo n'kunena kuchuluka kwa mafuta ndi minofu m'thupi.

"Lero mkangano wathu utha," anatero. "Makina sakondera."

Foniyo inkafuna malo owala, choncho tinapita kuseri kwa nyumba. Inati avule malaya, anavula. Inati chovala chotsalacho chikhale chothina. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabudula wa nthawi imene ankagwira pagolo ali mnyamata. Mmene anamulowera, sindikudziwa mpaka lero.

Anaima pakhoma manja atatambasula ngati akukusa nkhuku, mimba ataikokera mkati, maso ali tong'o.

"Jambulani msanga!"

"Tapumani kaye, bambo."

"Ndati jambulani!"

Koma ine manja ankangogwedezeka ndi phwete, moti foni inakana chithunzi katatu.

Tili mkati moyesa kachinayi, panatulukira amayi oyandikana nafe nyumba, amene ndi mtsogoleri wa azimayi kutchalitchi kwathu. Ankabweza sefa yanga. Anaima chilili. Anayang'ana amuna anga, anayang'ana ine ndi foni, kenako anayang'ana kuphiri.

"Pepani," anatero, "sindinadziwe kuti muli pa ntchito."

Amuna anga ndi munthu waulemu, mlendo sangamusiye osamulonjera. Manja ali chitambasulire, anatsegula pakamwa kuti, "Takulandirani, mayi." Mpweya wonse unatuluka, mimba n'kugwera pamalo pake. Chala changa chinadina pomwepo. Chithunzi chimenecho foni inachilandira mosavuta.

Pojambula cham'mbali sanavutikenso n'kukoka mimba. Mlendo anali ataiona kale.

Tinadikira pang'ono, tonse atatu mitu pamodzi, poti amayi aja sanachoke. Panatuluka nambala yofiira, ndi kachithunzi ka munthu wooneka ngati mtsuko.

"Chofiiracho ndiye kuti apambana?" anafunsa amayi aja.

"Foniyi sidziwa matupi a kuno," anayankha amuna anga, akuvala malaya mwachangu. "Anaiphunzitsa ndi anthu odya masamba osaphika." Kenako anandiloza ndi foniyo. "Imani apo inunso, tione."

Ndinakumbukira mwadzidzidzi kuti nandolo akupserera pamoto.

Lolemba m'mawa anadzuka molawirira kuposa masiku onse, n'kunyamuka wapansi kupita kuntchito, ulendo wokwera chitunda m'minda ya tiyi. Njinga imene ankakwera masiku onse anaisiya pakhonde.

"Tcheni chikuvuta," anatero osandiyang'ana.

Sindinawauze kuti dzulo lake ndinali nditapita nayo kuchigayo, ikuyenda bwinobwino. Tcheni chimenecho chinavuta mpaka nyengo ya mvula.