Jasi la Mabatani a Kumanzere

Ndinafika ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, m'nyengo imene mafakitale ankatsekedwa motsatizana. Amalume, amene anandilandira, anali atangochotsedwa ntchito, ndipo sanandibisire mawu.

"Mphwanga, ukapanda kupeza ntchito mvula isanagwe, ubwerera kumudzi ukagwire khasu. Kuno unga wa nsima sumera."

Ndinawomba m'manja n'kuthokoza, koma mumtima ndinazizidwa. Ndinali nditatsanzika mudzi wonse khomo ndi khomo, azakhali mpaka anandiphera nkhuku. Munthu wopheredwa nkhuku sabwerera chimanjamanja.

M'mawa uliwonse ine ndi msuweni wanga, mwana wa amalume wobadwira m'tauni, tinkayenda pansi kupita kumafakitale. Tinkaima pageti la nyumba ina yosungiramo katundu, pomwe kapitawo ankatuluka kudzasankha amuna onyamula matumba. Ankaloza ndi kiyi. Ine ndinkamupatsa moni nditawerama, koma kiyi uja sanandilozepo.

"Vuto yako ni ulemu," anatero msuweni wanga tsiku lina tikubwerera. "Uimilila monga wabwela kupempha mchele. Mwamuna samasekelela vilivonse. Tiye ku vidiyo ukaone amuna."

Vidiyoyo inali m'kachipinda kuseri kwa msika. Mazenera anatseka ndi masaka kuti masana mukhale mdima, ndipo kanemayo ankayendera batire ya galimoto. Anyamata atamva kuti Chingerezi ndinkakhoza kusukulu, anandikhazika pabenchi yakutsogolo kuti ndizimasulira, n'kunditcha ba ticha. Kuyambira pamene ndinafika mu Lusaka, aka kanali koyamba kuti wina andifune.

Filimu imene ankaikonda inali ya mzinda wina wosatuluka dzuwa, mvula tsiku ndi tsiku. Munali mwamuna wamtali wovala jasi lakuda lofika m'mawondo. Sankapereka moni. Anali ndi galimoto, wotchi yonyezimira, nsapato zodzaza shelefu ndi furiji yaitali kuposa chitseko cha amalume, koma ankadya yekha, ali chiimire. Akamamenya anthu jasi sankavula. Kumapeto anakhala patsogolo pa galasi n'kulankhula motsitsa kwa nthawi yaitali. Ndinamva bwinobwino. Ankati wagula zonse zogulika koma sakudziwa kuti iye ndi ndani, wangokhala ngati chitini chopanda kanthu.

"Akamba chani, ba ticha?" anafunsa wina kumbuyo.

Ndinacheuka. Maso onse anali pa ine, akuwala. Ambiri mwa iwo anali asanadye chichokereni m'mawa. Ndikanawauza bwanji kuti mwini furiji yodzaza ija akulira? Kwathu anatiphunzitsa kuti mlendo sakhumudwitsa eni mudzi.

"Akuti mwamuna weniweni amadziwika ndi jasi lake," ndinatero.

Kachipinda konse kanaphulika ndi malikhweru.

"Ninakamba ine!" anakuwa msuweni wanga. "Ni chijasi chabe, mudala!"

Sabata isanathe, majasi akuda anatha pa salaula, pamene amagulitsira zovala zakale zochokera kunja. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Anyamata ankayenda m'fumbi makolala ataimika, thukuta lili chuchuchu, osapereka moni kwa aliyense. Mayi wina wogulitsa tomato anawafunsa kuti maliro ali kuti. Msuweni wanga anasinthanitsa wailesi yake ndi jasi. Inenso ndinapereka bulangete limene ndinachoka nalo kumudzi. Ndikudziwa, bodzalo linali langa. Koma ukaliona bodza lako litavala nsapato likuyenda mumsewu, umayamba kulipatsa ulemu.

Manja a jasi langa anali aatali, choncho ndinapita nalo kwa telala wina wachikulire, Msilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi. Ankasokera pakhonde la sitolo. Ndinayesetsa kufika ndi nkhope youma, koma pakamwa panga panapereka moni pokha. Anavala magalasi, n'kulitembenuza jasi lija kawiri.

"Mwanangu, ndi la amayi ako ili?"

"Ayi bambo, ndi langa."

"Mabatani ali kumanzere. A amuna amakhala kumanja. Taona m'chiuno mmene analipanira. Nanga apa pachifuwa, malo anasiyawa ukuganiza ndi oikamo fodya?"

Ndinakhala pansi ndisanauzidwe.

"Anzako onse abwera ndi otere," anapitiriza akulowetsa ulusi m'singano. "Belo lonse linali la azimayi."

"Mwawauza?"

"Ine ndimasoka, sindilalikira. Iwe ndakuuza poti wandipatsa moni."

Msuweni wanga sindinamuuze. Ndinayesa kawiri, koma ndikamuona akudziyang'ana pa kachidutswa ka galasi, ndinkasintha nkhani. Nthawi yomweyo mitambo inali itayamba kusonkhana. Amalume ankayang'ana kumwamba, kenako n'kuyang'ana ine.

Nzeru ina ndinalibe, choncho Lolemba ndinavala jasi lija n'kukaima pageti. Tinalipo ambiri ovala majasi akuda bii, nkhope zouma. Manja ndinawatsekera m'matumba kuti angawombe okha. Kapitawo anatuluka, n'kuima, n'kutiyang'ana.

"Lelo kwabwela mabishopu?" anatero. "Kuno tinyamula feteleza, sitibatiza."

Analoza amuna angapo ovala malaya ong'ambika, iwo n'kulowa. Kenako anayenda pang'onopang'ono n'kudzaima patsogolo panga. Mumtima ndinati filimu ija yagwira ntchito. Anagwira nsalu ya jasi ndi zala ziwiri, n'kusuzumira m'kati mwake.

"Tembenuka, mufana."

Ndinatembenuka.

"Unachigula kuti ichi?"

Manja anga anathawa m'matumba n'kuwomba. "Pa salaula, bwana."

"Bamake bana ku nyumba banivuta maningi, bafuna jasi ya so. Saizi yao ni yamene iyi. Na mabatani ni ya bazimai, ona."

Analankhula mokweza, monga amachitira akapitawo. Ndinaona msuweni wanga akuweramitsa mutu pang'onopang'ono kuyang'ana pachifuwa pake, ndipo mzere wonse unachita chimodzimodzi, ngati anthu opemphera.

Apo ndiye ndinachita chimene ndinkachidziwa. Ndinavula jasi lija, n'kulipinda bwinobwino monga timapindira nsalu yopita kwa apongozi. Ndinapinda bondo, n'kulipereka ndi manja awiri.

Kapitawo analikolowekera paphewa, n'kuloza geti ndi kiyi uja. "Ngena."

Ndinalowa, n'kunyamula matumba dzinja lonse, ndipo amalume anasiya kuyang'ana kumwamba. Majasi anasowa mumsewu tsiku lomwelo. Anadzaonekanso nyengo yozizira, atavalidwa ndi amayi ndi alongo popita kutchalitchi, ndipo ankawakhala bwino kwambiri.

Msuweni wanga anatha sabata osandilankhula. Sindinadziwe ngati unali mkwiyo kapena ankatsanzirabe mwamuna wa mufilimu uja. Lamlungu lina masana tili pamthunzi kuseri kwa nyumba, anandifunsa osandiyang'ana.

"Iwe ticha wa boza, muzungu uja pa galasi anakamba chani zoona?"

Ndinamuuza zonse, mpaka za chitini chopanda kanthu. Anatokosa m'mano ndi kachitsotso.

"Na furiji yonse ija?"

"Eya."

"Ngati saziba kuti ni ndani, abwele aimilile pa geti. Ba kapitawo bazamuuza."