Pepala la Usipa ndi Kuwala Kokhota

Amene anandichotsa pasukulu ndi a Zimba, aphunzitsi athu a sayansi ku fomu wani, ndipo anandichotsa ndi bodza. Anakauza a hedimasitala kuti ndawatukwana m'kalasi, pomwe ine ndinangofunsa funso. Linali dzinja la chaka chomwe bambo anamwalira, nthawi yothyola fodya. Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wofota m'chigafa, mtima umandigunda ngati ndikufuna kumenya munthu.

Chaka chimenecho munda wathu wa fodya unali m'manja mwa amalume, achimwene awo a mayi. Ankatidzutsa mame ali mbwee, ine ndi mlongo wanga Esinati, n'kutilowetsa m'mizere. Masamba onyowa ankatimenya kumaso, madzi ake n'kumatsikira m'khosi. Utomoni wa fodya unkamata manja mpaka kuda bii. Tinkakwecha ndi mchenga ndi phulusa koma sunkachoka wonse, ndipo chilichonse chomwe wagwira kuti udye, kaya chimanga chootcha kaya dzungu, chinkawawa. Ndikachoka kumeneko ndinkathamangira kusukulu malaya ali m'manja, n'kukavalira kuseri kwa chimbudzi. Amalume sankabisa maganizo awo. "Sukulu ya chiyani fodya akupsa m'munda? Tsiku lomwe udzangolakwitse kumeneko, wabwera kuno." Mayi ankangoyang'ana pansi.

Loweruka lina mayi anandituma kumsika kukagula usipa. Wogulitsa anakulunga usipawo m'pepala long'ambidwa m'buku lakale la Chingerezi. Linali ndi mafuta ndi mamba, koma chithunzi chinkaoneka bwino: dzuwa pakati, nyenyezi kuseri kwake, ndi mzere wa kuwala wochokera ku nyenyeziyo ukukhota podutsa pafupi ndi dzuwa. Chingerezi changa chinali choperewera, komabe ndinatolapo kuti kuwala kumakhota kukamadutsa pafupi ndi chinthu cholemera kwambiri. Sabata yomweyo a Zimba anali atatilembetsa m'makope kuti kuwala kumayenda mowongoka ndipo liwiro lake silisintha. Zinthu ziwirizi zinandisowetsa mtendere. Ine njinga ndinkaidziwa. Ukafika pokhota umagwira buleki, ukapanda kutero ukadzukira m'chimanga cha eni ake. Nanga kuwala kumakhota bwanji osachepetsa liwiro?

Lolemba mvula inkasokosa pa malata moti aphunzitsi ankachita kukuwa. Itadukiza, ndinakweza mkono, ndinaimirira, n'kufunsa mwaulemu ndithu, pepala lija nditaligwira ndi manja awiri. A Zimba analitenga ndi nsonga za zala. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analinunkhiza, n'kukwinya mphuno.

"Tabwera kutsogolo kuno, iwe. Kweza manja anzako aone." Ndinakweza. "Taonani manja a katswiri wathu. Utomoni walowa mpaka muubongo. Ife tikuphunzira za m'silabasi, iye akuphunzira za usipa."

Kalasi inafa ndi phwete. Iwo anapukutira choko cha patebulo ndi pepala lija, n'kuliponya pawindo. Linagwera m'matope. Ine ndinafunsanso kuti yankho lake n'chiyani. Anati ndikakhale pansi. Apa ndisanamizire munthu, mlandu wanga ndi uwu: ndinamenya desiki ndi chibakera, n'kufunsa kachitatu mokuwa. Koma kutukwana ayi. Sindinatchule mayi wa munthu aliyense. Mawu amenewo anawapeka okha ali m'njira yopita kuofesi.

A hedimasitala anandiuza kuti ndibwere ndi kholo. Anabwera amalume, atavala magambuti a matope, n'kukhala pampando wa muofesi chipewa chili pabondo. Anamvetsera zonse osanditembenukira ngakhale kamodzi. A hedimasitala anati ndikhale kunyumba masabata awiri. Amalume anaomba m'manja pang'onopang'ono. "Zikomo bwana, mwatithandiza. Musavutike naye za kubwerera. Ntchito ilipo kunyumba."

Dzinja lotsalalo ndinalithera m'chigafa. Ndinkasoka masamba ndi singano ya waya, kuwapachika pa mikangala, kukwera ndi kutsika mpaka msana kuuma. Masiku ena fodya wamuwisi ankandiledzeretsa, mutu kuzungulira, n'kukasanza kuseri kwa khola. Malaya anga a yunifolomu mayi anawachepetsa kuti avale mng'ono wanga wa kupulayimale, ndipo ankasoka atandifulatira. Anzanga akamadutsa masana kuchokera kusukulu ankakuwa ali panjira kuti, "Ausipa, kuwala kwakhota kale uko?" Mmodzi ndinamuthamangitsa mpaka kudambo, ndinamugulula dzino, amalume n'kundikwapula ndi mkangala mpaka unathyoka. Dzuwa likawala, kuwala kunkalowa pa timabowo ta denga la udzu, kowongoka ngati ulusi wokoka. Ndinkakuyang'ana ndi chidani. Ndinafika povomereza kuti a Zimba ankanena zoona, chitsiru ndine.

Pakati pa munda wathu panali chulu chachikulu. Bambo ankalima mizere mozungulira chulucho, moti yoyandikira inkakhota kwambiri, yakutali n'kumawongoka. Tikamathyola, ine ndi Esinati tinkayambira pamodzi, kuyenda mofanana, tsamba ndi tsamba. Iye akakhala mumzere wakutali ankafika kumapeto ine ndisanafike, amalume n'kuyamba kundilalatira kuti ndine waulesi. Koma ine sindinkazengereza. Sindinkamvanso kuti ndikukhota, chifukwa ukakhala mkati mwa fodya wamtali umangoona mzere uli patsogolo pako, umangoponda kutsogolo. Mzere wanga ndi womwe unali wautali. Nthawi imeneyo zimenezi zinkangondipsetsa mtima, basi.

Pano ndimapalasa kabaza paboma la Kasungu. Nditapeza foni yotha kufufuza zinthu, funso loyamba kulemba linali lomwe lija. Zinanditengera miyezi, kuwerenga pang'onopang'ono podikira makasitomala, ndipo sindinama kuti ndinamva zonse. Koma ichi ndinachigwira: kuwala sikuchepetsa liwiro pena paliponse. Chimene chimapindika pafupi ndi chinthu cholemera ngati dzuwa ndi malo enieniwo, pamodzi ndi nthawi yomwe. Kuwala kumangotsata mzere womwe kwaupeza, kulunjika kutsogolo. Aliyense woyeza pomwe waimapo amapeza liwiro lomwe lija, losasintha. Amene amaona kukhota ndi kuchedwa ndi woyang'ana ali patali, ngati amalume ataima kumapeto kwa munda. Za m'kope zinali zoona, za papepala la usipa zinalinso zoona. Tsiku lomwe ndinamvetsa zimenezi sindinasangalale. Ndinapalasa njinga yopanda munthu mpaka miyendo kuwawa.

Chaka chatha, masana dzuwa likuswa mtengo, mkulu wina woonda, wa jekete lothethekera m'khosi, anandiimitsa ndi ambulera. Anali a Zimba. Anapuma ntchito, tsitsi lonse mbuu, ndipo sanandizindikire. Ndinawakweza. Ndinkamva kupuma kwawo kumsana kwanga. Titatuluka m'tauni ndinaima pansi pa mtengo wa mango, n'kuwapempha kuti atsike kaye. Ndinawauza dzina langa.

"Aa, mwananga, ana anali ambiri," anatero. "Unafunsa chiyani kodi?"

Ndinathyola kamtengo n'kujambula pafumbi, dzuwa apa, nyenyezi apo, mzere wokhota. Ndinafotokoza zonse monga ndazifotokozera pano. Anawerama, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako analankhula motsitsa, ngati akudziuza okha.

"Zimenezi ife kukoleji sanatiphunzitse."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti yankho anali nalo, koma anandimana chifukwa cha manja anga akuda. Pansi pa mango paja ndinaona kuti analibe chondimana. Anali munthu woopa kusekedwa ndi ana, ndipo anasankha kuti osekedwa ndikhale ine. Kudziwa zimenezi sikunandiziziritse mtima ngakhale pang'ono. Ndinataya kamtengo kaja, ndinawayang'ana m'maso, chinthu chomwe sindinachitepo kwa munthu wamkulu.

"Ndiye mukanangotero, aphunzitsi. 'Sindikudziwa.' Liwu limodzi lokha. Inu mukanachita manyazi mpaka belu litalira. Ine ndikanamaliza sukulu."